Ulusi wosokera bala: zinthu 14 zimene ambirife m'makomboni a Lusaka sitinauzidwepo

Munthu akabwera kuchipatala atasokedwa, abale ndi aneba amafunsa funso limodzi: "Mastichi angati?" Za ulusiwo, kuti unapangidwa ndi chiyani, safunsa. Komatu tsiku lililonse ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama ndi m'makiliniki a Kalingalinga, Mtendere ndi George anthu akusokedwa: mayi wochira pa opaleshoni, mnyamata wa mdulidwe, kondakitala wogwa pa minibasi, mwana wodzicheka ndi lata. Pakati pawo pali Asilamu ndi Asabata amene sakhudza nkhumba, Arasta amene sadya nyama iliyonse, Ahindu amene ng'ombe ndi yopatulika kwa iwo, komanso ena amene akangodya nyama thupi limatupa. Onsewa ali ndi ufulu wodziwa chimene chikutsala m'thupi mwawo bala likatsekedwa.

1. Ulusi wina umene timasokedwa nawo ndi matumbo a nkhosa, mbuzi kapena ng'ombe.

Pa paketi amalemba kuti catgut. Amayi amene amagula zam'kati za mbuzi pamsika wa ziweto wa ku Chibolya akudziwa kuti thumbo ukalitembenuza n'kulipala bwinobwino, pamatsala kachikopa kopyapyala, kotuwa, kotanuka koma kovuta kudula ndi manja. Kufakitale amafuna kachikopa kameneko. Amakang'amba m'litali timizeretimizere, kuchotsa mafuta onse, kupota timizere tingapo pamodzi, kuumitsa, kusalaza, kenako n'kupha tizilombo tonse ndi cheza champhamvu.

Ulusiwu sukhala wouma m'paketi mwake. Amauika m'madzi a sipiliti kuti usamathyoke, ndipo namwino akang'amba paketiyo fungo la sipiliti limamveka. Ulipo wa mitundu iwiri. Wachikasu mphamvu zake zimatha pakapita masiku 7 mpaka 10. Wofiirira, wolembedwa chromic, amauviika m'mankhwala a chromium kuti upirire milungu iwiri kapena itatu. Yonse iwiri thupi limaigaya lokha, ndipo pakatha masiku 70 mpaka 90 imakhala itasungunuka. N'chifukwa chake namwino amakuuzani kuti musabwerenso kudzachotsa.

2. Luso limeneli lakhalapo zaka pafupifupi 2,000, ndipo ena ankasoka ndi linthumbu.

Galen, sing'anga wa ku Pergamon amene ankachiza mabala a anthu omenyana m'mabwalo a Aroma m'zaka za m'ma 100, analemba kale za ulusi wa matumbo. Al-Zahrawi, dokotala wachisilamu wa ku Cordoba amene anamwalira mu 1013, ankasoka nawo mabala am'kati mwa mimba. Ku India, buku lakale la Sushruta limafotokoza njira ina: kugwirizanitsa milomo ya bala, kuikapo nyerere zikuluzikulu kuti zilume, n'kudula matupi awo mitu n'kutsala itagwira bala. Aliyense amene analumidwapo ndi linthumbu akudziwa kuti mutu wake sulekerera.

Vuto la ulusi wakale linali mafinya. Joseph Lister wa ku Britain ndi amene anayamba kuuviika m'mankhwala opha tizilombo m'zaka za m'ma 1860, ndipo mu 1881 anabweretsa wa chromic uja umene tikugwiritsabe ntchito.

3. Ku Europe ndi ku Japan anasiya kusokera anthu ulusi wa matumbo, koma ku Africa ukadalipo.

Mu 1986 ku Britain kunapezeka matenda a misala ya ng'ombe, ndipo mu 1996 boma la kumeneko linavomereza kuti anthu akhoza kuwatenga. Chimene chimayambitsa matendawa sichifa ndi kuwiritsa wamba. Maiko a ku Europe ndi Japan anaona kuti palibe chifukwa choikira kanthu kochokera m'matumbo a ng'ombe m'thupi la munthu pamene ulusi wina wabwino ulipo kale, choncho anauchotsa m'zipatala zawo. Anachita zimenezi pofuna kusamala. Ku America ukugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo ku India ndi ku China mafakitale akuupangabe wambiri. Umafika kwathu kuno chifukwa ndi wotsika mtengo, ndipo madokotala ndi azamba ambiri anaphunzirira womwewo. Ngati munasokedwapo nawo musade nkhawa, unasungunuka kalekale. Chofunika kudziwa n'chakuti si wokhawo.

4. Ulusi wopanda chanyama si wachilendo, unabwera ambirife tisanabadwe.

Pali maganizo akuti zimenezi ndi zofuna za anthu a ku Kabulonga amene amasankha zakudya. Ayi ndithu. Ulusi woyamba wosungunuka wopangidwa m'fakitale, wotchedwa Dexon, unatuluka mu 1970. Vicryl, wapepo uja umene anamwino a kufiyeta amaudziwa bwino, unabwera mu 1974. Kenako kunabwera PDS mu 1982 ndi Monocryl mu 1993. Wosasungunuka ulinso ndi mitundu yake: nayiloni, amene anatulukiridwa mu 1935, ndi Prolene wabuluu wa mu 1969.

Kusiyana kwake kwagona pa kasungunukidwe. Ulusi wa matumbo thupi limauona ngati nyama yachilendo, limautumizira asilikali ake kuti augaye, ndipo nkhondo imeneyo ndi imene imatupitsa ndi kufiiritsa bala. Pabala lamafinya kapena m'thupi loperewera zakudya umatha msanga kuposa mmene dokotala amayembekezera. Wa m'fakitale umasungunuka ndi madzi a m'thupi pang'onopang'ono, pa nthawi yodziwika. Vicryl pakatha milungu iwiri amakhala akadali ndi magawo 75 pa 100 a mphamvu zake, pakatha milungu itatu theka, ndipo amatheratu pakati pa masiku 56 ndi 70. PDS amapitirira miyezi 6, n'chifukwa chake amatsekera minofu ya pamimba imene imachedwa kugwirana.

5. Amayi ndi amene amasokedwa kwambiri, ndipo ulusi umakhudza ululu umene amamva akachira.

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti ana 84 pa 100 alionse mu Zambia ankabadwira kuchipatala, ndipo 5 pa 100 ankabadwa pa opaleshoni. Kale mayi wa ku Kanyama amene mwana wakanika kutuluka ankathamangitsidwa ku chipatala chachikulu cha UTH. Ndi thandizo la dziko la Japan, makiliniki a Matero ndi Chilenje anakulitsidwa kukhala zipatala mu 2016, ndipo a Chipata, Kanyama ndi Chawama anatsatira pambuyo pake. Lero opaleshoni ikuchitikira m'komboni momwemo. Kuwonjezera pa amenewa pali amayi ambirimbiri amene amang'ambika kapena kuwonjezeredwa njira pochira, ndipo amasokedwa ndi mzamba.

Kwa amayi achiwiriwa umboni ndi womveka. Akatswiri a bungwe la Cochrane atasonkhanitsa kafukufuku wokhudza amayi oposa 10,000, anapeza mu 2010 kuti osokedwa ndi ulusi wa m'fakitale ankamva ululu wocheperako m'masiku atatu oyamba, ankamwa mankhwala opha ululu ochepa, ndipo ochepa ankafunika kusokedwanso kusiyana ndi a catgut. Chovuta chake chinali chakuti ulusiwo unkachedwa kugwa, ena mpaka kukachotsedwa. Mtundu wosungunuka msanga, wolembedwa rapide, unachepetsa vuto limenelo. Amene sanachirepo angaone ngati masiku atatu ndi ochepa. Mayi amene ayenera kukhala pansi kuyamwitsa, kunjuta kuchimbudzi chokumba ndi kukatunga madzi kumpopi akudziwa kutalika kwake.

Pa chiberekero nkhani ndi ina, ndipo tiinene mwachilungamo. Kafukufuku wamkulu wotchedwa CORONIS, wa amayi oposa 15,000 a ku Ghana, Kenya, Sudan, India, Pakistan, Argentina ndi Chile, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2013, sanapeze kusiyana kwenikweni pa imfa kapena matenda aakulu pakati pa amayi osokedwa chiberekero ndi chromic ndi osokedwa ndi Vicryl. Choncho catgut si poizoni. Koma tanthauzo linanso ndi lakuti mayi amene ali ndi chifukwa chokanira ulusi wa matumbo sakutaya kanthu posokedwa ndi winawo.

6. Anyamata ambiri a mdulidwe anasokedwa ndi chromic, ngakhale njira yosasoka ilipo.

Mu 2007 bungwe la WHO linalimbikitsa mdulidwe wa abambo, kafukufuku wa ku Orange Farm, Kisumu ndi Rakai atasonyeza kuti umachepetsa mwayi wotenga HIV ndi magawo pafupifupi 60 pa 100. Malangizo amene anatsatira ankatchula chromic catgut ngati ulusi woyenera, Vicryl wosungunuka msanga n'kukhala wolowa m'malo koma wokwera mtengo. Palinso kachipangizo ka pulasitiki kotchedwa ShangRing, kochokera ku China, kamene kanayesedwa ku Kenya ndi mu Lusaka muno, ndipo WHO inakavomereza mu 2015. Ndi timphete tiwiri timene timapana khungu, timakhala sabata imodzi n'kuchotsedwa, popanda ulusi.

7. Woumba mabuloko amene simenti imamuyambitsa ziwengo asamale ndi ulusi wofiirira.

Izi sizikhudza chipembedzo kapena kadyedwe. M'simenti muli chromium pang'ono, ndipo amisiri ena akaigwira zaka zambiri thupi limayamba kudana naye: manja kuyabwa, kung'aluka, kutuluka timatuza tosatha ngakhale atapuma ntchito masiku angapo. Simenti imawotchanso khungu mwa iyo yokha, ndiye si manja onse ong'aluka amene ali ndi vutoli. Koma opanga ulusi wa chromic amalemba okha kuti usagwiritsidwe ntchito pa munthu amene thupi lake limadana ndi chromium. Abambo oumba mabuloko m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, ndi amisiri omanga a m'makomboni monse, muonetseni dokotala manja anu asanakusokeni.

8. Ulusi wakuda wa silika si wa thonje, ndipo ngakhale wa m'fakitale ukhoza kukhala ndi kachanyama.

Silika amachokera ku mbozi imene imadzikulunga m'chikwa. Kuti ulusi usaduke, zikwazo amaziwiritsa mbozi ili momwemo, ndipo opanga ena amaupaka phula la njuchi. Kwa munthu amene nyama ya ziweto imamudwalitsa, silika alibe vuto limenelo chifukwa mbozi si chiweto. Kwa amene analumbira kusagwiritsa ntchito chilichonse chophedwa, vuto lilipo.

Ulusi wolukidwa ngati Vicryl amaupaka zoterera kuti usamakhule podutsa m'mnofu, ndipo chimodzi mwa izo ndi calcium stearate. Ameneyu amatha kupangidwa kuchokera ku mafuta a zomera kapena a ng'ombe, malinga ndi kampani. Ndi kochepa kwambiri, koma amene akufuna kutsimikiza apemphe ulusi wa chingwe chimodzi wosapakidwa kanthu, monga nayiloni, Prolene kapena PDS, ngati bala lake likulola. Wosankha ndi dokotala, chifukwa ulusi woyenera khungu la pamphumi si woyenera thumbo.

9. Kulumidwa ndi nkhupakupa kungachititse kuti nyama ya mbuzi ikukaneni moyo wanu wonse.

Mfundo iyi ndi imene ndikufuna kuti aliyense aisunge. M'thupi la ng'ombe, mbuzi, nkhosa, nkhumba, kalulu, mbewa ndi nyama zina zoyamwitsa muli kanthu kena kotchedwa alpha-gal. Ndi mtundu wa shuga, koma sikakhudzana ndi matenda a shuga. Anthu tilibe, anyani alibe, nkhuku ndi nsomba zilibenso. Tikadya nyama kamadutsa popanda vuto. Koma mitundu ina ya nkhupakupa ikaluma imakalowetsa pakhungu pamodzi ndi malovu ake, ndipo mwa anthu ena thupi limakaika m'gulu la adani. Kuyambira pamenepo nyama imene munthu wadya kuyambira ubwana imasanduka chomudwalitsa.

Chimene chimasokoneza ndi nthawi. Ziwengo za mtedza kapena za nsomba zimabwera pompopompo. Izi zimadikira maola awiri mpaka 6. Bambo wadya michopo madzulo ndi anzake ku Matero, wafika kunyumba bwinobwino, wagona. Pakati pa usiku akudzidzimuka thupi lonse likuyabwa, zikhatho zikutentha, zidzolo zikuluzikulu zatuluka, m'mimba mukupota, milomo yatupa. Ena amatsegula m'mimba ndi kusanza, ena amabanika mpaka kukomoka. Kukacha nkhani imakhala yoti nyama inali yogonetsa, kapena mowa unali woipa, kapena wina wamudyetsa. Ubale umatha chifukwa cha kuganizirana kotere. Ndiponso sizichitika nthawi zonse: lero nyama yopanda mafuta yadutsa bwino, sabata yamawa zam'kati kapena vimbombo zamugwetsa. Mowa ndi ntchito yolemetsa zimakulitsa vutoli. Nkhuku, mazira, kapenta ndi buka sizimuvuta.

Anazitulukira mwangozi. Ku America, odwala khansa a m'zigawo zakummwera chakummawa ankadwala mwadzidzidzi atangolandira koyamba mankhwala otchedwa cetuximab, amene ali ndi alpha-gal. Gulu la Thomas Platts-Mills la ku University of Virginia linapeza chifukwa chake mu 2008, ndipo mu 2009 linasonyeza kuti n'chimodzimodzi ndi cha anthu odwala akadya nyama. Ku Sydney, dokotala Sheryl van Nunen anali ataona kale mu 2007 kuti odwala ake otere anali olumidwa ndi nkhupakupa. Mu 2023 bungwe la CDC linati anthu oposa 110,000 anapezeka ndi zizindikiro zake m'magazi pakati pa 2010 ndi 2022, ndipo chiwerengero chenicheni ku America chikhoza kufika 450,000.

10. Si matenda a azungu: kuchigawo chathu chino cha Africa aliko.

Ku Mqanduli, dera la kumidzi la ku Eastern Cape ku South Africa, anthu ambiri ankadandaula kuti nyama ikuwadwalitsa. Madokotala a ku University of Cape Town anapita kukawayeza, ndipo mu 2018 anafalitsa zimene anapeza: mwa anthu 131, okwana 84 anali ndi vuto la alpha-gal. Ena mwa iwo analibe zidzolo n'komwe, ankangomva m'mimba mokha, zimene kwathu kuno tingangoti ndi chakudya choipa. Akatswiri omwewo anapezanso alpha-gal m'njoka zam'mimba, zimene zimavutitsa ana kumene zimbudzi zimasefukira nthawi ya mvula.

Nkhupakupa imene imayambitsa vutoli ku America ndi ya banja la Amblyomma, ndipo banja limeneli lilinso pa ziweto za mu Zambia. Ife nkhupakupa timaziwerengera pa ng'ombe zokha, pa denkete kummwera ndi chigodola kummawa. Koma ndi angati a ife a m'komboni amene tinakulira kubusa ku Petauke, ku Monze kapena ku Mumbwa? Ndi angati amene timapita kumunda ku Chongwe nthawi ya dzinja, kapena timagwira mbuzi zotsika m'malole ku Chibolya? Munthu wamkulu amene akunena kuti kale ankadya nyama koma tsopano imamutupitsa asasekedwe kuti akudzikonda. Pali kuyeza magazi kumene kumaonetsa vutoli, ndipo ngakhale popanda kuyeza, mbiri yake yokha ndi yokwanira kuti dokotala asamale.

11. Kwa munthu wotere ulusi ndi nkhani yaing'ono, zoopsa kwambiri zili m'jekeseni ndi m'diripi.

Madokotala amalangiza kuti wodwala alpha-gal asasokedwe ndi catgut, koma chimene chimagwetsa munthu msanga ndi cholowa m'mtsempha. Madiripi ena oonjezera madzi m'thupi la munthu wotaya magazi amapangidwa ndi jelatini wochokera ku ng'ombe. Kasiponji kamene amaika pabala kuti magazi aleke kamachokera ku chikopa cha nkhumba. Heparin, jekeseni woletsa magazi kuundana amene ena amabayidwa pamimba pambuyo pa opaleshoni, amatengedwa m'matumbo a nkhumba, ndipo wambiri amachokera ku China. Mavavu ena a mtima ndi a nkhumba kapena ng'ombe. Mankhwala othandiza mapapo a khanda lobadwa masiku asanakwane amachokera m'mapapo a ng'ombe kapena nkhumba. Zikopa za makapisozi ambiri amene timameza ndi jelatini. Mankhwala a ululu wa njoka, monga opangidwa ku Johannesburg, amachokera m'magazi a akavalo.

Zambiri mwa izi zili ndi zolowa m'malo. Diripi ya madzi amchere ilibe chanyama. M'malo mwa heparin pali fondaparinux, wopangidwa m'fakitale. M'malo mwa kasiponji kaja pali kansalu kochokera ku zomera. Insulin kale ankachokera ku nkhumba ndi ng'ombe, koma kuyambira mu 1982 kunabwera wopangidwa popanda chiweto. Oxytocin, jekeseni amene mayi aliyense amabayidwa akangochira kuti asataye magazi, anayamba kupangidwa popanda chiweto mu 1953.

Za njoka zokha ndiziikepo mtima. Munthu wolumidwa ndi mamba kapena mphiri alibe chosankha china. Alandire mankhwalawo, koma dokotala akhale atauzidwa, kuti jekeseni wa adrenaline akhale pafupi.

12. Atsogoleri a zipembedzo anaikambirana kale nkhaniyi, ndipo sauza munthu kuti afe.

Mu 1995 akatswiri a malamulo a Chisilamu oposa 100 anakumana ku Kuwait n'kugwirizana kuti jelatini amene wasinthidwa kotheratu m'fakitale ndi wololedwa m'mankhwala. Si mashehe onse amene amaona choncho, koma pa mfundo yoti moyo ukakhala pangozi choletsedwa chimaloledwa, amagwirizana. Mu 2013 madokotala a ku Denmark anafunsa atsogoleri a zipembedzo zikuluzikulu. Ahindu ndi Asikhi anakana zochokera ku ng'ombe ndi nkhumba, Asilamu anakana za nkhumba, koma onse anati pangozi, ngati palibe china cholowa m'malo, wodwala alandire. Ngakhale bungwe la Vegan Society la ku Britain, limene linayamba mu 1944 ndipo mamembala ake sadya mazira kapena uchi, limalangiza anthu ake kumwa mankhwala amene dokotala wawalembera.

Ine ndikuona kuti mbali ziwiri zonsezi n'zoona nthawi imodzi. Kukana opaleshoni ya mwadzidzidzi chifukwa cha ulusi n'kulakwa, makamaka pamene pali mwana m'mimba. Koma kubisira munthu chimene mukumuika m'thupi pamene nthawi yofotokoza ilipo, poganiza kuti ndi wa m'komboni sangamve, n'kulakwanso. Amene chikumbumtima chikumuvuta akambirane ndi shehe, abusa kapena mkulu wa mpingo tsiku la opaleshoni lisanafike, osati ali pa machira.

13. Ulusi wa mbedza, neti ya udzudzu, guluu ndi bitiruti zonse zalowapo m'nkhaniyi.

M'zipatala zina za kumidzi mu Africa, ulusi ukatha madokotala akhala akusoka khungu ndi nayiloni wa asodzi ataupha tizilombo m'makina a kufiyeta, ndipo mabala amapola. Ku Uganda, kafukufuku wa abambo pafupifupi 300 odwala chophuka, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti neti yotsika mtengo ya mtundu wa ya udzudzu, yopanda mankhwala ndi yophedwa tizilombo, inagwira ntchito potseka chophukacho mofanana ndi yodula ya kufakitale. Izi ndi za m'manja mwa madokotala. Kusoka bala kunyumba ndi singano ya zovala n'kuitana kafumbata.

Guluu wapadera wa khungu anavomerezedwa ku America mu 1998, ndipo pabala laling'ono loyera la mwana amatseka popanda singano. Ndi wachibale wa guluu wa m'tuntemba koma si yemweyo, wa m'tuntemba amawotcha mnofu. Timawaya topanira bala tinayamba ndi dokotala Hümér Hültl wa ku Budapest mu 1908, ndipo makina ake oyamba ankalemera makilogalamu oposa atatu.

Mu 2021 mtsikana wa sekondale wa ku Iowa, Dasia Taylor, anafika kumapeto kwa mpikisano waukulu wa sayansi ku America ndi ulusi wa thonje ndi poliyesitala woviikidwa m'madzi a bitiruti, umene umasintha mtundu bala likayamba kuola. Chinamukhudza ndi kuchuluka kwa amayi a ku Africa amene bala la opaleshoni limachita mafinya. Ulusiwo sunafike m'zipatala. Pakadali pano maso anu ndi amene ayenera kuona: bala likafiira, likatentha, likatuluka madzi onunkha kapena thupi likatentha, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

14. Yankho lalembedwa pa kapaketi kamene namwino amataya m'bini.

Ndi kapaketi kosakwana chikhatho. Pamakhala dzina la ulusi, chithunzi cha singano yopindika, tsiku lothera ntchito ndi nambala ya kukula kwake. Maziro akamachuluka ulusi ukuchepa: 2-0 ndi wokulirapo, 4-0 ndi wa pakhungu lofewa, 10-0 wosokera diso ndi wochepa kuposa tsitsi. Singanoyo ilibe boo, ulusi anaumatirira kumbuyo kwake kuti usang'ambe mnofu. Mukaona mawu oti catgut, plain gut kapena chromic, ndi wa matumbo. Silk ndi wa mbozi. Polyglactin, polyglycolic acid, poliglecaprone, polydioxanone, polyamide, nylon ndi polypropylene ndi a m'fakitale. Katundu wa zipatala za boma amadzera ku bungwe la ZAMMSA, koma zikachitika kuti mwauzidwa kukagula nokha, pitani ku famase yovomerezedwa ndi bungwe la ZAMRA, onani tsiku, ndipo paketi yobooka kapena yonyowa musailandire. Funsaninso ngati ulusiwo ndi wochotsa. Nayiloni wa pankhope amachotsedwa pakatha masiku pafupifupi 5, wa pamutu 7 mpaka 10, wa pamwendo kapena pabondo mpaka 14, ndipo ukakhalitsa umasiya chipsera choipa.

Nthawi yonenera ndi kusikelo ya amayi apakati, kapena tsiku limene akukulemberani opaleshoni, musanasaine pepala lovomereza. Mawu ake si ambiri: "Ba sisita, ine nikadya nyama ya mbuzi nimatupa usiku, lembani pa kadi." Kapena: "Ba dokota, ine ndine Msilamu, ngati ulipo ulusi wina wosachokera ku nyama niusebenzeseni." Uzaninso amene akukudikirirani, mayi anu, amuna anu kapena apongozi, chifukwa tsiku la ngozi inu simudzatha kulankhula.

Ndipo inu anamwino, azamba ndi madokotala athu a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, tikudziwa kutalika kwa mzere umene umakudikirani m'mawa uliwonse. Pamene mukufunsa wodwala ngati pali mankhwala amene amamukana, onjezerani funso limodzi: "Nanga nyama imakuvutani?" Akavomera, lembani ndi zilembo zikuluzikulu pamwamba pa kadi lake.